Zimene zithunzi za pa gulu la masewera sizikuuzani

[Foni m'manja, gulu la WhatsApp ladzaza zithunzi]

Amayi a kuno ku Chipata, mukupanikizika mbali ziwiri. Mukatsika thupi, ku Kapata anthu anong'onezana kuti kodi akudwala? Mukanenepa, a pa gulu la masewera olimbitsa thupi akuti mimba yatuluka. Mtima ungakhazikike bwanji?

Zithunzi zambiri za "kale ndi lero" amajambula m'mamawa asanadye, atabweza mimba mkati, ataima chammbali. Munthu yemweyo akadya nsima madzulo saoneka choncho.

[Sikelo pansi]

Sikelo nayonso imaliza anthu pachabe. Kulemera kumasintha ndi kilo imodzi kapena awiri pa tsiku limodzi chifukwa cha madzi, mchere ndi chakudya chili m'mimba, ndipo msambo ukayandikira thupi limasunga madzi. Kwerani kamodzi pa sabata, m'mawa, mutachoka kuchimbudzi. Kutsika kwabwino ndi theka la kilo mpaka kilo imodzi pa sabata.

[Tepi ya telala]

Tepi iyi imanena zoona kuposa galasi. Izunguzeni pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, mutatulutsa mpweya, osakoka mimba. Isapitirire theka la kutalika kwanu: wa masentimita 160 akhale pansi pa 80. Amene mwangobereka, tepi iyembekeze kaye, chifukwa chiberekero chokha chimatenga masabata 6 kuti chibwerere m'malo.

Zogulitsa pa magulu nzimene zimatidetsa nkhawa kwambiri. Matiyi ambiri ochepetsa thupi ali ndi senna, mankhwala otsegula m'mimba, ndiye chotuluka ndi madzi, mafuta ali pomwepo. Lamba wothina mimba amangofinya. Apetamin amene atsikana amamwa pofuna mbina ali ndi cyproheptadine, yemwe amagonetsa tulo ndipo angathe kuwononga chiwindi.

WHO, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, imalangiza masewera olimbitsa thupi kwa mphindi 150 pa sabata, kutanthauza 30 kwa masiku asanu, ndi masiku awiri olimbitsa minofu. Kuyenda ndawala kupita ku Saturday Market kumawerengedwa.

[Chala chikutseka gulu]

Mukaika foni pansi, dzimvereni. Ngati mwatsala ndi manyazi, tsekani mauthenga a gululo kwa sabata, kapena tulukanimo. Koma mukayamba kudumpha chakudya dala, kudzisanzitsa mukadya, kapena msambo waleka miyezi itatu musali ndi pakati komanso simuli pa njira yolera, pitani ku kiliniki sabata yomweyo, muwauze anesi zonse, ndi botolo la zimene mwakhala mukumwa mulitenge.