Kusintha beringi ndi seal ya shafti pa boti la matanga

Pa sikirini: benchi ya m'galaja ku Luchenza. Pali shafti, pulopela, beringi yakutha ndi ina yatsopano.

Takulandirani nonse amene mukutionera. Vidiyoyi ndi yanu amakaniko a kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, makamaka amene mumakonza mapampu othirira tiyi m'maesiteti. Mukaitanidwa ku Mangochi kapena ku Monkey Bay kuti boti la matanga likulowa madzi kumbuyo, kapena likugogoda injini ikamayenda, theka la ntchitoyo mumalidziwa kale. Gland ya pa boti, yomwe ndi seal yotchinga madzi pamene shafti ikudutsa, siyosiyana ndi ya pampu yokoka madzi mu Ruo, kungoti pampu ikadontha imanyowetsa simenti basi, pomwe boti likadontha popanda woliona limamira.

Boti lalikulu la matanga limakhala ndi injini ya dizilo mkati. Shafti imachoka pa giyabokosi, n'kudutsa mu chubu choboola thupi la boti, n'kukathera pa pulopela. Mkati mwa boti, pamene shafti ikulowera mu chubu, pali seal yotchinga madzi. Kunja, pafupi ndi pulopela, pali beringi yotchedwa cutless. Ndi kachubu ka brass komatidwa labala mkati, ndipo labalayo ali ndi timizere tochokera uku kukafika uko. Ilibe mipira, siifunanso girisi. Chimene chimaitereretsa ndi kuiziziritsa ndi madzi odutsa m'timizereto. Packing, chingwe chopanikizidwa mu gland mozungulira shafti, nayonso imazizira ndi madzi. Mukazimana madzi zinthu ziwirizi, zimapsa.

Boti likatulutsidwa pamtunda, gwirani pulopela ndi manja awiri, muikankhire m'mwamba ndi pansi, kenako m'mbali. Mukamva kugogoda, kapena shafti ikusewera pafupifupi milimita imodzi, beringi yatha. Suzumiraninso kuseri kwa pulopela. Pa nyanja yathu ulusi wa ukonde ndi chingwe cha mbedza zimakonda kukulungika pamenepo, n'kutseka pakamwa pa timizere, labala n'kuyamba kupsa. Mchenga wa m'madoko osaya nawo umadya labala pamodzi ndi shafti yomwe.

Musananyamuke kuno, pezani miyeso itatu: kunenepa kwa shafti, kunenepa kwa beringi kunja kwake, ndi kutalika kwake. Yezani ndi vernier, osati ndi tepi. Shafti ya mamilimita 25 ndi ya inchi imodzi zimaoneka zofanana m'maso, koma inchi ndi mamilimita 25.4. Beringi ya 25 imakana shafti ya inchi, pomwe ya inchi pa shafti ya 25 imayamba kugogoda ikadali yatsopano. Packing mutha kuipeza ku Limbe, koma beringi yeniyeniyo itanitsani nthawi ikadalipo, musakakhale kunyanja boti lili pamtunda mukudikira katundu.

Pa sikirini: manja akumasula nati ya pulopela.

Chotsani kapini kotsekera, masulani nati, kenako mukoke pulopela ndi chokokera chotchedwa puller. Hamala isiyeni m'bokosi. Mukamenya shafti, nkhonyayo imakafika m'maberingi a giyabokosi, ndipo ntchito yaing'ono imasanduka yaikulu. Kiyi ya pulopela isungeni pabwino.

Lowani mkati. Lembani chizindikiro pa mbali ziwiri za coupling (cholumikizira shafti ndi giyabokosi), masulani mabawuti, omwe kawirikawiri amakhala 4. Apa ndi pamene thukuta limatuluka, chifukwa coupling imagwirana ndi shafti ndi dzimbiri. Njira yake ndi iyi: ikani soketi yocheperako kuposa shafti pakati pa mbali ziwirizo, lowetsani mabawuti aatali, muziwamanga pang'onopang'ono mopingasa. Soketiyo imakankha shafti kutuluka. Mukamanga mbali imodzi yokha mupinda nkhope ya coupling. Pa maboti ena chiwongolero chimatchinga njira ya shafti, ndiye chimafunika kutsitsa kaye.

Shafti ikatuluka, igudubuzeni pamalo osalala muone ngati yapindika. Pitsani chikhadabo pamene pamakhala packing ndi pamene pamakhala beringi. Ngati pali mphako yogwira chikhadabo, kapena timaenje ta dzimbiri, zatsopano zimene muikepo sizikhalitsa.

Beringi yakale imagwiridwa ndi tisikuluwu ting'onoting'ono, nthawi zambiri 2, tobisika pansi pa penti m'mbali mwa bulaketi, chitsulo chimene beringiyo imakhalamo. Palani penti mutipeze. Kenako lowetsani mpeni wa sowo ya zitsulo mkati mwa beringi, mucheke motsata kutalika kwake malo awiri oyandikana. Chekani mofatsa, sowo ili chigonere, ndipo muziima kawirikawiri kuyang'ana, kuti musadye bulaketi. Kachidutswa ka pakati kapindireni mkati, beringi yonse imamasuka.

Tsukani dzenjelo ndi sandipepa wosalala. Beringi yatsopano igonekeni mu filiji usiku kuti inyale pang'ono. Poilowetsa gwiritsani ntchito chitsulo chachitali cha mazinga, mawasha okhuthala ndi manati mbali zonse, muziikoka pomanga nati. Kuikhomera ndi hamala kumapinda brass, labala n'kufinya shafti. Ikakhala m'malo, boolani pang'ono pokha pamene tisikuluwu tikalume, osapyoza mpaka pa labala, ndipo tisikuluwuto tipakeni mankhwala oletsa kumasuka. Pobwezera shafti pakani sopo wotsukira mbale. Girisi ayi: amatseka timizere ndi kusunga mchenga.

Pa sikirini: gland yomasula, ndi chingwe cha packing.

Saizi ya packing ipezeni chonchi: kukula kwa dzenje la gland, kuchotsapo kunenepa kwa shafti, n'kugawa pawiri. Dzenje la mamilimita 37 pa shafti ya 25 likufuna packing ya 6. Kokani yakale yonse ndi kawaya kokhota, osasiyamo mphete ya pansi. Yatsopano musaikulunge ngati chingwe chimodzi. Dulani mphete 3, iliyonse payokha, poikulunga pa shafti yomweyo ndi kudula mopendeketsa. Lowetsani imodziimodzi, polumikizira pake pazisiyana ndi madigiri 120, kuti madzi asapeze msewu wolunjika.

Payipi ya labala yolumikiza gland ndi chubu ndiyo imene anthu amaiiwala, chonsecho ikang'ambika madzi amalowa ochuluka kwambiri. Shafti ili kunja kale, isintheni. Ikhale yokhuthala yopangidwira ntchito imeneyi, osati ya radiyeta ya galimoto, ndipo mbali iliyonse ikhale ndi makilampu 2 a stainless.

Maboti ena ali ndi seal yosadontha, monga PSS, pomwe mphete ya kaboni imatsamira mphete ya stainless. Opanga amati labala wake wokankha mphete ya kaboniyo azisinthidwa pakatha zaka 6, ndipo tisikuluwu take sitigwiritsidwa ntchito kawiri. Boti likangolowa m'madzi, kankhirani labalayo kumbuyo mpaka madzi atuluke, kuti mpweya wotsekeredwa uchoke. Mpweya ukatsalamo, kaboni amayenda pouma.

Anode ya pa shafti, kachitsulo kamene kamadyeka m'malo mwa shafti ndi pulopela, ikhale ya magnesium, chifukwa madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere ndipo ya zinki siigwira bwino m'madzi otere. Siyaninso mpata pakati pa pulopela ndi beringi kuti madzi azituluka.

Kulunjikitsa injini ndi shafti kumachitika boti litakhala m'madzi tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa thupi lake limasintha pang'ono likachoka pa zochirikiza. Gundanitsani nkhope za coupling popanda mabawuti, muyeze mpata ndi timalata toyezera totchedwa feeler gauge pamwamba, pansi ndi m'mbali. Pa coupling ya mamilimita 100, kusiyana kusapose mamilimita 0.1. Kukaposa, sinthani pa miyendo ya injini. Beringi yakale ikakhala yodyeka mbali imodzi, vuto linali pamenepa.

Mukamanganso mabawuti a coupling, lizani injini, lowetsani giya, muyang'ane gland. Shafti ikuzungulira, pazigwa madontho 2 kapena 3 pa mphindi. Ikaima, kudontha kuziima kapena kutsala pang'ono kuima. Pakatha mphindi 15, chotsani giya, gwirani gland ndi dzanja: ikhale yofunda, yosawotcha. Ngati ikuwotcha, bwezani nati ya gland pang'ono. Packing yatsopano imakhazikika m'maola oyamba, ndiye auzeni eni boti kuti adzamangenso pang'ono, osaiwala kulimbitsa nati yachiwiri yotsekera.