N'chifukwa Chiyani Foni Imakulondolerani Ngati Mlendo?

Mwangotuluka pageti panu, foni yayamba kale: "Mukayenda mamita 200, khoterani kumanja." Kumanja komwe mwakhala mukukhotera zaka khumi zonsezi! Kodi imakuonani ngati mwafika dzulo?

Choyamba foni imafufuza pomwe muli. Imamvera masetilaiti a GPS, omwe amazungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo anayi amakwana kuti ikupezeni. Kenako imasankha njira. Msewu uliwonse imauona ngati tizidutswa, kalikonse ndi mtengo wake wa mphindi, n'kuphatikiza kuti ione njira yotchipa. Masamu akewo ndi akale: Edsger Dijkstra wa ku Netherlands anawasindikiza mu 1959, mafoni a m'manjawa kulibe.

Pamene pagona nkhani m'pakuti mtengo wa msewu sufanana kwa aliyense. Kanjira ka fumbi kodutsa kuseri kwa msika, wa njinga yamoto amakakonda. Wa lole yodzaza matumba a chimanga akangolowamo, basi wagona komweko. Ndiye kuti foni ikulondolereni inuyo, iyenera kusintha mitengo ija malinga ndi chimene mwakwera komanso chimene mumadana nacho.

[Pa sikirini: mapu a India]

Ku India, a Google anapeza kuti misewu yambiri ilibe mayina, ndipo ina ili nawo koma anthu sawatchula. Munthu ukamufunsa njira amangoti udutse kachisi, ukhote pa filling station. Mu 2009 Google Maps inayamba kulondolera anthu kumeneko ndi zizindikiro zoterezi. Ife si zachilendo, paja timati "mukafika pachigayo, funsani." Ine ndimaona kuti uku ndiye kunali kusintha kwanzeru kuposa zonse, chifukwa makina ndi amene anaphunzira kalankhulidwe ka anthu. Mu 2017, ku India komweko, anawonjezera njira za njinga zamoto, zokhala ndi tinjira tachidule tomwe galimoto singadutse, ndipo mu 2018 zinafika ku Kenya, kwa anyamata a boda boda.

[Pa sikirini: Google Maps, Route options]

Zina mungasinthe nokha pompano. Lowani pa Route options, muuze foni ipewe ma toll gate, misewu ikuluikulu kapena zombo. Koma chenjerani, mukaiuza kuti izembe toll gate ya pa Chingeni, ikhoza kukuzungulitsani mpaka mafuta opitirira ndalama yomwe mumathawa ija. Lembaninso kunyumba ndi kuntchito kwanu.

Nanga zokuuzani kukhota pageti panu zija? Kuti isiye, iyenera kudziwa misewu imene mumaidziwa kale, kutanthauza kusunga konse komwe mumapita, tsiku ndi ola. Mu Google Maps zimenezi zimasungidwa mu Timeline. Tsegulani muone ngati ndi yoyatsa, ndipo pomwepo pali posankha kuti zizifufutika zokha pakatha miyezi itatu.