Chaka chimene makomo a okalamba anatsekedwa

Moni nonse amene mukumvetsera, kaya muli kumudzi, ku Johannesburg, ku UK kapena kuno ku America. Ndikulankhula kuchokera ku Indiana, ndipo lero ndikufuna kuyankha funso limene labwera kangapo m'mauthenga anu: kodi n'zoona kuti kuno munthu amangolowa ntchito ya CNA, ndiye kuti wothandizira anamwino wokhala ndi satifiketi, mu nursing home (nyumba yosamalira okalamba) popanda kupita kusukulu? Zinakhalapo kwakanthawi, nthawi ya mliri wa COVID-19, koma pano zinatha. Kuti mumvetse bwino, ndiyambire pa chiyambi.

Nyumba zosamalira okalamba kuno zimayang'aniridwa ndi bungwe la boma lotchedwa CMS, lomwe limalipira ndalama za Medicare ndi Medicaid, ma inshuwalansi a zaumoyo a boma. Nyumba ikaphwanya malamulo ake imalipitsidwa chindapusa, mwinanso kuimitsidwa ndalama, ndiye CMS ikalankhula mabwana athu amadzuka. Mu Febuluwale 2020 matenda a COVID-19 anabuka m'nyumba ina yotere ku Kirkland, m'chigawo cha Washington, ndipo okalamba ambiri anamwalira m'masabata ochepa. Pa 13 Malichi 2020 CMS inalamula kuti alendo onse asiye kulowa, kupatula ngati munthu watsala pang'ono kutisiya. Kudyera pamodzi kunaletsedwa, masewera a gulu nawonso analetsedwa. Aliyense m'chipinda mwake, chitseko chotseka.

Ife ogwira ntchito tinalandira zathu. Pakhomo ankatiyeza kutentha kwa thupi tisanalowe. Masiki anali osowa, moti aliyense anali ndi kathumba kapepala kolembedwa dzina lake, ukaweruka umaikamo masiki yako ya N95 kuti mawa uivalenso. Mu Meyi kunabwera lamulo loti nyumba iliyonse izitumiza malipoti ku CDC, bungwe la boma loona za matenda, sabata iliyonse, komanso kuti wina akapezeka ndi matendawa, mabanja onse auzidwe isanakwane 5 koloko madzulo a tsiku lotsatira. Mu Ogasiti kunabwera la kuyezetsa. Ngati m'dera lanu anthu opitirira 10 pa 100 alionse oyezedwa akupezeka nako kachiromboka, ogwira ntchito nonse munkapisidwa kamtengo kaja m'mphuno kawiri pa sabata. Zonsezi sindinazidandaule. Kachirombo kankalowa m'nyumbazi kudzera mwa ife amene timapita kunja n'kubwera, ndipo ambiri a ife tinkagwira ntchito nyumba ziwiri kuti ndalama ikwane.

Koma lamulo la alendo lija, abale anga, linandilemera kwambiri, ndipo mpaka pano ndimaliganizira.

Panali mayi wina wachikulire amene ndinkawasamalira, anali ndi matenda oiwala aja otchedwa dementia. Mwana wawo wamkazi ankabwera masana alionse kudzawadyetsa. Sikuti mayiwo sankatha kugwira supuni, ayi, koma ankadya pokhapokha mwana wawoyo akakhala pambali n'kumawacheza. Makomo atatsekedwa, mwanayo ankabwerabe, n'kuima panja pa windo atavala jekete lake, foni ili kukhutu. Ine ndinkakankha njinga ya mayiwo kufika pawindopo, n'kuwagwirira foni ina. Iwo ankayang'ana mwana wawo, kenako n'kundiyang'ana ine, n'kufunsa kuti bwanji sakulowa, kodi wandikwiyira? Ndinkafotokoza za matenda, iwo n'kugwedeza mutu, pakapita mphindi zochepa n'kufunsanso chomwecho. Mbale zinayamba kubwerera kukhitchini zili zodzaza. Siketi imene inkawathina inayamba kufuna pini. COVID sanadwale mayi amenewo, koma thupi linkatha tikuona.

Ndipo sanali okha. Pa 17 Sepitembala 2020 CMS yomweyo inatulutsa malangizo atsopano ovomereza kuti kusungulumwa kwavulaza okalamba. Mwa zitsanzo zimene inapereka za munthu woyenera kuloledwa mlendo, munali wokalamba amene akuwonda chifukwa wachibale amene ankamulimbikitsa kudya sakubweranso, komanso amene kale ankacheza koma pano wangoti zii kapena akungolira. Nditawerenga pepala limenelo pa bolodi ya m'chipinda chathu chopumira, ndinaona ngati alemba za mayi aja. Chimene chimandiwawa n'choti ife osambitsa ndi kudyetsa tinaziona zimenezi mu Epulo, koma zinatenga miyezi isanu kuti zifike pa pepala. Sindikunena kuti kutseka kunali kulakwa. Kunalibe katemera, zoyezera zinali zosowa, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 okhala ndi ogwira ntchito m'nyumba zoterezi oposa 200,000 anali atamwalira ndi matendawa. Ndikunena kuti mwana amene amadyetsa mayi ake tsiku ndi tsiku si mlendo. Akanamuveka masiki ndi gauni ngati ine, n'kumuyeza ngati ine, n'kumulola kulowa.

Katemera anafika mu Disembala 2020, a makampani ogulitsa mankhwala a CVS ndi Walgreens ankabwera kudzabayira m'nyumba momwemo. Pa 10 Malichi 2021 malangizo anasinthanso, ndipo munali mzere wina woti wokalamba amene wabayitsa katemera akhoza kusankha kukhudzana ndi mlendo wake, bola avale masiki ndi kusamba m'manja. Tangoganizani, boma kuchita kulemba kuti tsopano mayi akhoza kugwira dzanja la mwana wake. Tsiku limene mwana uja analowa, mayiwo sanam'tchule dzina, koma anamugwira malaya osafuna kumusiya, ndipo tsiku limenelo anadya. Mu Novembala 2021 CMS inanena kuti alendo aloledwe kwa aliyense, nthawi iliyonse.

Mwezi womwewo kunabwera lamulo loti ogwira ntchito tonse tibayitse katemera. Nkhani inakafika ku Khoti Lalikulu, lomwe linalola lamuloli pa 13 Januwale 2022. Anzathu ena anasiya ntchito. Mu 2023 lamulolo linachotsedwa.

Tsopano ku funso lanu lija. Lamulo la boma limati CNA aphunzire maola osachepera 75 n'kulemba mayeso, ndipo sangagwire ntchito kupitirira miyezi inayi asanamalize zimenezi. Kuno ku Indiana maolawo ndi 105. Mliri utavuta, CMS inaimitsa kaye malire a miyezi inayi aja chifukwa manja anachepa, ndipo m'madera ambiri munthu ankangophunzira maola 8 pa intaneti n'kuyamba ntchito. Chilolezo chimenecho chinathetsedwa mu 2022, ndipo pa 11 Meyi 2023 boma linalengeza kuti nyengo yangozi ya mliri yatha, zofewetsa zambiri zinathera pomwepo. Choncho wina akakuuzani kuti bwerani, sukulu siifunika, akukuuzani nkhani yakale. Ndipo ine ndimagwirizana ndi kubwezeretsa maphunzirowo. Kutembenuza munthu wopuwala pabedi popanda kumung'amba khungu, kapena kudyetsa munthu amene amatsamwa msanga, sizophunzira pa kompyuta tsiku limodzi.

Zina zinatsala. Malipoti opita ku CDC akadalipo, ndipo pano akuphatikiza chimfine cha flu ndi matenda ena a m'chifuwa otchedwa RSV. Matenda akabuka m'chigawo chimodzi cha nyumba timavalanso masiki ndi kuyezanso. Koma chitseko sichitsekedwa ngati kale. Inu amene muli ndi makolo kapena apongozi m'nyumba zimenezi, dziwani kuti kulandira alendo ndi ufulu wa wokalambayo. Akakubwezani pakhomo popanda chifukwa chomveka, chigawo chilichonse cha America chili ndi ofesi yomva madandaulo a okhala m'nyumbazi, yotchedwa Long-Term Care Ombudsman, ndipo nambala yake imayenera kumatidwa poonekera m'nyumbamo. Imbani, samalipiritsa.

Pitirizani kutumiza mafunso anu. Sabata yamawa tikambirana za mayeso a CNA, makamaka gawo lochita ndi manja lija. Tsalani bwino.