Ulendo wa ku Cape Maclear: mphepo, miyala ndi likodzo

Moni nonse amene mukuonera. Lero tikupita ku Lake Malawi National Park, ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, kumene thengo limatsetserekera m'madzi enieni. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna.

Pochokera ku Mangochi, mukhotere kumanzere musanalowe m'tauni ya Monkey Bay. Kuchokera pamenepo ndi makilomita pafupifupi 18, msewu wokhotakhota m'mapiri. Musathamange, anyani amakhala pamsewu. M'njiramo muonenso Mwala wa Mphini, thanthwe lokhala ndi mizere ngati mphini za pankhope.

Tiyambe ndi mphepo, chifukwa ndi imene imapusitsa alendo ambiri. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, wochokera kum'mwera. Gombe la ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, ndi lotchingidwa ndi mapiri, choncho madzi amaoneka bata muli pamchenga. Mukangodutsa zilumba za Thumbi kapena Domwe, mafunde ndi ena. Nyamukani m'mawa, ndipo musanakwere boti muwerenge majekete oyandamitsa: munthu aliyense yake, mwana yomukwana. Woyendetsa boti akati lero nyanja yakwiya, musamukakamize.

Mbuna mukazione pamiyala, ku Otter Point kapena ku Thumbi. Magalasi a m'madzi akamachita nthunzi, pakani malovu mkati n'kutsukuluza pang'ono. Yandamani chafufumimba osaponda miyala, chifukwa ndere imaterera, komanso ndereyo ndiye chakudya cha mbuna. Mukaona yaikazi yotupa kukhosi, imeneyo yasunga mazira kapena ana m'kamwa, musaithamangitse. Kuwedza n'koletsedwa mkati mwa mamita 100 kuchokera kugombe la paki.

Tsopano likodzo, ndipo apa mumvetsere bwino. Tizilombo take timachokera m'nkhono zimene zimakonda madzi osaya, odekha, a udzu ndi bango, makamaka pamene anthu amachapa ndi kusamba. Timalowa pakhungu, simuchita kumwa madziwo ayi. Kumiyala, kumene madzi ndi akuya ndiponso amawinduka, chiopsezo chimachepa koma sichitheratu. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kumwa mankhwala a likodzo a praziquantel tsiku limene afika kunyumba. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima, pamene zimene zangolowa kumene zimapulumuka. Dikirani masabata 6 mpaka 8, kenako pitani kuchipatala akakupimeni. Mlingo wake umatengera kulemera kwa thupi, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse. Munthu wa makilogalamu 60 amamwa mapiritsi 4 a mamiligalamu 600, atadya kaye. Mukayamba kutentha thupi kapena kukodza magazi, musadikire masabatawo.

Wofuna kukwera mapiri ayambe 6 koloko m'mawa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene miyala imaotcha. Madzi akumwa malita 2 munthu mmodzi, nsapato zotseka, ndi wolondolera njira wa m'deralo, poti tinjira ta m'thengo timafanana. Chakudya chikhale m'chikwama chotseka. Nyani amene wazolowera kuponyeredwa nthochi amayamba kulanda, ndipo amayambira ana. Moto m'thengo ayi: udzu wouma ndi mphepo ya kunyanja zikakumana, phiri lonse limapsa.

Pafupi ndi khomo la paki pali manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 atazunzika ndi malungo. Udzudzu wake ulipobe mpaka lero. Pofunsa malo ogona, funsaninso ngati bedi lililonse lili ndi neti yosabooka, ndipo ngati mukagona mutenti, tengani yanu.