Kofi, R-Truth ndi masiku 90: zimene kontrakiti imalamula mu ring'i

Moni nonse abale ndi alongo, inu amene muli kumudzi ndi anzanga amene tili kuno kunja. Ndikulankhula kuchokera ku Britain, ndipo gawo la lero ndi la wrestling. Mauthenga anu pa WhatsApp afika ambiri, ndipo funso limene likubwerabwera ndi ili: zimatheka bwanji kuti munthu amene bwalo lonse likukuwa dzina lake achotsedwe ntchito, pomwe wina amene anthu anatopa naye kalekale akungokhalabe ndi lamba? Mbali yaikulu ya yankho ili pa pepala limene munthuyo anasaina. Mukalidziwa pepalalo, nkhani zambiri za mu ring'i zimayamba kumveka.

Ndiyambe ndi kaoneredwe kake kuno, poti ena mwangofika kumene. Raw, pulogalamu ya sabata ndi sabata ya WWE, kampani yaikulu ya masewero ogwetsana, nthawi zambiri imayamba 8 koloko madzulo Lolemba ku New York. Kuno imakhala 1 koloko usiku, kucha kwake Lachiwiri. Ku Malawi imakhala 2 koloko kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo miyezi inayo imakhala 3 koloko. Chenjerani mu Malichi: America imasintha mawotchi ake Britain isanasinthe, ndiye kwa milungu iwiri kapena itatu masewero kuno amayamba 12 koloko usiku, ndipo wodzuka 1 koloko amapeza ola lathunthu lapita. Kuyambira pa 6 Januwale 2025 Raw ili pa Netflix, pa mgwirizano wa zaka 10 wa ndalama zoposa madola 5 biliyoni, ndipo kuno Netflix yomweyo ndi imene ikuonetsanso SmackDown, NXT ndi masewero akuluakulu ngati WrestleMania. Chimene ambiri ozolowera SuperSport sachidziwa ndi chakuti kuonera chilichonse pa nthawi imene chikuulutsidwa, ngakhale pa foni, kumafuna TV Licence, imene mtengo wake ndi woposa mapaundi 170 pachaka. Kuonera pa Netflix mawa lake sikufuna chiphasocho. Amene muli pa shifiti ya m'mawa, oneranitu madzulo, koma musatsegule Facebook tsiku lonse, chifukwa zotsatira zimakhala zitamwazika kale.

Tsopano pepala lija. Ogwetsana a WWE salembedwa ngati antchito a kampani. Pa lamulo la ku America amawerengedwa ngati anthu odziimira paokha, tinene kuti aganyu. Koma waganyu wa kwathu akamaliza ndime yake amanyamula khasu n'kupita kwa wina. Uyu saloledwa. Sangamenye nkhondo ku kampani ina, ndipo tsiku, mzinda, dzina, mawu olankhula ngakhale wopambana zonse amachita kuuzidwa. Msonkho amadziwerengera yekha, inshuwalansi ya zaumoyo amadzigulira yekha, penshoni palibe. Akavulala mu ring'i kampani imalipira chipatala, matikiti a ndege imagulanso, koma kwa zaka zambiri hotela, galimoto yobwereka ndi chakudya cha pa ulendo zakhala zikutuluka m'thumba mwa wogwetsanayo. Bungwe lowayankhulira alibe. Jesse Ventura anayesa kulikhazikitsa mu 1986, WrestleMania 2 itayandikira, koma nkhani inafika kwa bwana anzake asanagwirizane, ndipo zinathera pomwepo.

Malipiro ali pawiri. Pali ndalama yotsimikizika pachaka imene munthu amalandira kaya akuoneka pa TV kaya ali pakhomo, ndiye pali gawo lake la malonda a malaya, zidole ndi masewero a pa kompyuta okhala ndi nkhope yake. Ndiye mukamakangana kuti kampani imamva chiyani, dziwani kuti malaya ogulidwa amawerengedwa sabata ndi sabata. Munthu amene malaya ake akuyenda amapatsidwa maikolofoni.

Kontrakiti ikhoza kukhala ya zaka zitatu kapena zisanu, koma chingwe chake chimamanga mbali imodzi. Wogwetsana sangachoke nthawi isanakwane. Kampani ikhoza kumuchotsa tsiku lililonse, ndipo pamenepo pamayambira masiku 90, kapena 30 kwa ambiri a ku NXT, gawo la WWE la ogwetsana amene akukula kumene, amene amalipidwabe koma saloledwa kuoneka kwina. Luke Harper anapempha kuti amumasule mu Epulo 2019, sanamulole, ndipo anamutulutsa mu Disembala chaka chomwecho. Werengani miyezi itatu: pa 18 Malichi 2020 anatulukira ku AEW, kampani yopikisana ndi WWE, ndi dzina la Brodie Lee. Kontrakiti ikatha yokha ndi nkhani ina, palibe kudikira. Ya Dean Ambrose inatha kumapeto kwa Epulo 2019, ndipo pa 25 Meyi anali atalowa kale mu ring'i ya AEW ku Las Vegas ngati Jon Moxley. Palinso kachiganizo kamene kamapweteka kwambiri: miyezi imene munthu wakhala pakhomo chifukwa chovulala, kampani ikhoza kuiwonjezera kumapeto kwa kontrakiti. Wathyoka bondo pogwira ntchito yawo, wakhala miyezi isanu ndi inayi akuchira, ndipo tsiku lake lomasuka lasunthidwa ndi miyezi yomweyo. Ine izi sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono.

Mwamva mayina awiriawiri pamenepa. Dzina limene WWE yakupatsa ndi katundu wa WWE, ndipo ukamachoka umalisiya pakhomo ngati yunifolomu. Daniel Bryan anabwerera ku dzina lake lenileni la Bryan Danielson, Sasha Banks anakhala Mercedes Moné, Edge anatuluka ngati Adam Copeland, Cesaro ngati Claudio Castagnoli. Anthu anakwiya mu Januwale 2022 pamene Walter anasinthidwa kukhala Gunther, ndipo mkwiyowo unali womveka, poti dzinalo analimanga yekha ku Ulaya. Komabe ndi dzina latsopanolo anasunga lamba wa Intercontinental masiku 666. Amene amabwera ali ndi dzina lolemera kale, ngati AJ Styles kapena CM Punk, amatha kukambirana kuti alisunge. Ngakhale Dwayne Johnson anakhala mwini wa dzina la The Rock mu Januwale 2024, pamene analowa mu bodi ya TKO, kampani imene inaphatikiza WWE ndi UFC, kampani ya nkhondo zenizeni za nkhonya ndi mateche, mu Seputembala 2023.

Izi zimalowa bwanji mu nkhani imene timaonera? Kawirikawiri kampani siika lamba m'chiuno mwa munthu amene sanasaine kontrakiti yatsopano. Mukaona wogwetsana wabwino akugonja sabata iliyonse popanda chifukwa, nthawi zambiri masiku ake atsala ochepa ndipo akugwiritsidwa ntchito yokweza ena asanapite. Chitsanzo chimene aliyense amatchula ndi cha ku Montreal pa 9 Novembala 1997. Bret Hart anali ndi lamba, anali pa ulendo wopita ku WCW, kampani imene inkapikisana nawo nthawiyo, ndipo kontrakiti yake inkamupatsa mawu pa nkhani zake m'masiku 30 omaliza. Anakana kugonja kwa Shawn Michaels ku Canada kwawo. Vince McMahon, bwana wa kampaniyo pa nthawiyo, analamula kuti belu lilire Bret asanagonje, ndipo lamba anachoka motero.

Tsono mawu athu ochemerera ali ndi mphamvu kapena ayi? Ali nayo. Mu 2014 anthu anakana Batista atapambana Royal Rumble, mpikisano umene wopambana wake amakamenyera lamba pa WrestleMania, anakuwa mpaka Daniel Bryan analowetsedwa mu nkhondo yaikulu ya WrestleMania 30 ku New Orleans n'kupambana. Mu Febuluwale 2024, pamene zinaoneka kuti Cody Rhodes wasiyira The Rock malo ake okakumana ndi Roman Reigns pa WrestleMania, mabwalo ndi intaneti zinadzaza ndi mfuu yofuna Cody, ndipo pa 7 Epulo ku Philadelphia iye ndi amene anathetsa masiku 1,316 amene Roman Reigns anakhala ndi lamba. Ya R-Truth ndiyo inakhudza kontrakiti yeniyeni. Pa 1 Juni 2025 analengeza yekha kuti kampani siimuwonjezera nthawi. Sabata yonseyo anthu ankakuwa dzina lake pakati pa nkhondo za anthu ena. Pa 7 Juni, pa masewero a Money in the Bank, munthu wovala zakuda, nkhope yobisa, analowa mu ring'i, anagwetsa John Cena, anavula chophimba kumutu, ndipo anali iye. Lolemba lotsatira anaima pa tebulo la oulutsa mawu, anatenga sizasi n'kudula tsitsi lake pamaso pa anthu, akudzitchula dzina lake lenileni la Ron Killings.

Koma mphamvu imeneyi ili ndi malire, ndipo ife a ku Africa tinaiona malire ake pa Kofi Kingston. Munthuyu anabadwira ku Kumasi, ku Ghana. Atangoyamba ankamulengeza kuti ndi wa ku Jamaica, n'kumamulankhulitsa ngati wa kumeneko, mpaka mu 2009. Anatha zaka 11 akugwira ntchito yabwino popanda kuganiziridwa za lamba wamkulu. Mu 2019 analowa m'malo mwa mnzake wovulala, anthu anamugwira ndi manja awiri, ndipo pa 7 Epulo, pa WrestleMania 35, anagonjetsa Daniel Bryan n'kukhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kutenga lamba wa WWE. Ana ake analowa mu ring'i. Akuluakulu analira poyera.

Ndiye kunabwera pa 4 Okutobala chaka chomwecho, tsiku limene SmackDown inkayamba kuonetsedwa pa Fox. Belu linalira, Kofi anathamanga n'kudumphira Brock Lesnar, Lesnar anamuwakha pa mapewa, anamuzunguza n'kumuponya pansi ndi F-5 imodzi, kagwetsedwe kake kotchuka, woyimbira anawerenga katatu. Masekondi sanakwane 10. Kofi asanatuluke n'komwe bwino, kamera inali itatembenukira kwa Cain Velasquez, munthu wa UFC amene kampani inkafuna kuti akumane ndi Lesnar. Ena amati lamba ayenera kuchoka tsiku lina, ndipo n'zoona. Vuto langa ndi kachotsedwe kake. Miyezi isanu ndi umodzi ya ntchito inayenera nkhondo ya mphindi khumi, ndiponso mwayi wobwezera, umene sanapatsidwe. Ochemerera anapambana usiku umodzi wa mu Epulo, koma kontrakiti ya TV ndi kontrakiti ya Lesnar ndi zimene zinalamula mu Okutobala.

Za John Cena mwandifunsanso. Kutembenuka kwake kukhala woipa pa 1 Malichi 2025 ku Toronto kunali koyambika bwino kwambiri, ndipo lamba wake wa nambala 17 anautenga pa WrestleMania 41 ku Las Vegas. Chimene chinaphwanya nkhaniyo ndi chakuti inamangidwa pa The Rock, amene sanaonekenso ngakhale pa WrestleMania pomwepo. Cena mwini anali ndi masiku 36 okha chaka chonsecho. Nkhani yoti Cena wagulitsa mzimu wake kwa The Rock siikanayenda wogulayo palibe, ndipo pofika Ogasiti anangomubweza kukhala wabwino. Apa olemba nkhani sindiwaimba mlandu wonse, analemba ndi anthu amene masiku awo anali owerengeka.

Anzanga amene muli kuno pa viza ya ntchito, makamaka osamalira okalamba, zonsezi si zachilendo m'makutu mwanu. Chitupa chanu chinamangidwa pa bwana amene anakuitanani. Ntchito ikatha, Home Office nthawi zambiri imakupatsani masiku 60 kuti mupeze bwana wina wovomerezeka kapena muchoke. Wogwetsana wochokera ku Japan, Mexico kapena Nigeria amene ali ku America pa chitupa cha kampani amakhalanso ndi mantha omwewo akamva kuti mayina akuchotsedwa. N'chifukwa chake ndimadandaula ndikamva wina akunyoza wogwetsana kuti ndi wamantha poti wavomera kuvala zoseketsa kapena kugonja kwa munthu wosadziwa ntchito. Ali ndi lendi, ali ndi ana, ali ndi achibale odikira thandizo, ndipo kukana kuli ndi mtengo wake.

Ubwino wokhala kuno ndi wakuti anthuwa mukhoza kuwaona ndi maso. WWE inadzaza Principality Stadium ku Cardiff pa 3 Seputembala 2022 ndi anthu oposa 62,000, tsiku limene Solo Sikoa anakoka woyimbira n'kulanda Drew McIntyre chipambano chimene Britain yonse inkadikira. AEW inachita All In ku Wembley pa 27 Ogasiti 2023. Pa masewero aakulu otere lembetsani imelo yanu msanga kuti mugule matikiti asanatsegulidwe kwa aliyense, chifukwa mitengo imakwera anthu akachuluka. Musathamangire mipando ya pansi pokhapokha ili m'mizere yoyambirira. Pansipo ndi pathyathyathya, anthu akaimirira mumangoona misana. Mipando yokwera pang'ono ya m'mbali ndiyo imaonetsa ring'i yonse. Onaninso nthawi ya sitima yomaliza musanalipire, poti hotela za pafupi zimadula kwambiri usiku umenewo.

Ndipo mukamva kuti wakutiwakuti wachotsedwa, tengani kalendala, werengani masiku 90, kenako yang'anani zikwangwani za makampani ang'onoang'ono a konkuno, monga RevPro ku York Hall ku Bethnal Green kapena Progress ku Electric Ballroom ku Camden. Ochotsedwa ambiri amadzera m'malo ngati amenewa. Tikiti yake ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi ya WWE, ndipo mumakhala pafupi moti kugunda kwa msana pa matabwa mumakumva m'chifuwa. Fikani zitseko zikangotsegulidwa, munyamule ndalama za m'manja pang'ono. Kumbuyo kwa holo kumakhala matebulo, wogwetsana ataima yekha kuseri, malaya ake atawapinda, zithunzi ndi cholembera zili pambali. Mukagula pamenepo, ndalamayo mukuipereka m'dzanja la mwini wake.