Dimba la nyengo yozizira: muyese madzi musanagule mbewu

[Chithunzi: dambo m'mawa, nkhungu yakuta pansi, mabedi a mpiru akuoneka patali]

Alimi anzanga, amayi ndi abambo, takulandirani. Chimanga cha kumunda chalowa m'nkhokwe, Meyi wafika, makasu ayamba kutsikira kudambo. Lero tikambirane za dimba la nyengo yozizira. Koma musanapite kogula mbewu, yambani mwayankha funso ili: chitsime chanu, kapena mtsinje umene mumatungamo, umakhala bwanji mu Okutobala?

Ndafunsa dala za Okutobala. Mu Meyi dambo lililonse limaoneka la madzi, ndipo munthu umatengeka n'kutipula malo aakulu. Koma mvula ikasiya cha mu Epulo, siibweranso mpaka Novembala, zaka zina Disembala. Kabichi amene mwafesa pa nazale mu Juni adzakulunga mutu mu Seputembala. Tomato naye adzakhala ali pakati pobereka nthawi yomweyo. Ndiye kuti mbewu idzafuna madzi ochuluka pamene dzuwa laswa mtengo, chitsime chatsika.

[Pa sikirini: bedi la mita 1 m'lifupi, mamita 10 m'litali]

Tiwerengere limodzi. Bedi ili, masamba akakula, limamwa malita pafupifupi 30 mpaka 40 pa tsiku mu Juni ndi Julayi. Amenewo ndi makheni atatu kapena anayi a malita 10. Pofika Okutobala bedi lomweli limafuna malita 60, mwina kuposerapo. Tsono ngati muli ndi mabedi 20, dzifunseni ngati chitsime chanu chidzatulutse malita 1,200 tsiku lililonse mwezi umenewo, ndiponso amene adzanyamule madziwo ndani. Amene muli ndi pampu yopalasa kapena ya sola, musadzinamize: pampu imachepetsa ntchito, koma siiwonjezera madzi m'chitsime. Mabedi khumi othiriridwa mpaka mapeto amapindulitsa kuposa mabedi makumi atatu ofota atatsala pang'ono kukhwima.

[Chithunzi: mapu a Malawi, madera okwera ndi otsika]

Tsopano za kuzizira. Juni wa ku Bembeke ku Dedza, wa ku Tsangano ku Ntcheu kapena wa ku Jenda ku Mzimba si Juni wa ku Nchalo kapena ku Bangula. Kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja chisanu sichiwaula mbewu. Kumeneko miyezi imeneyi ndiyo mpata wabwino wa kabichi ndi masamba ena osakonda kutentha, ndipo chimanga, nyemba ndi mbatata zimakula bwino pa chinyezi chimene madzi osefukira asiya. Inu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, bzalani madzi akangophwa, musadikire, chifukwa chinyezi chimathawa msanga.

Kumtunda nkhani ndi ina. Mpweya wozizira ndi wolemera, ndipo usiku umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha pamalo otsika. Choncho pakati penipeni pa dambo, pamene pali chinyezi chochuluka ndipo aliyense amapasirira, ndi pomwenso chisanu chimayambira kuwaula. Usiku woopsa ndi uja kumwamba kuli mbee, nyenyezi zili ngwee, mphepo palibe. M'mawa mwake mumapeza masamba a tomato ada ngati apsa ndi moto.

Ndiye gawani dimba lanu motsatira kutsetsereka kwake. Kumunsi ikani mbewu zopirira kuzizira: kabichi, repu, mpiru, chayinizi, anyezi, adyo ndi karoti. Chakumtunda pang'ono ikani zimene chisanu chimapha: tomato, mbatata ya kachewere, nyemba ndi maungu. Nsawawa zimakonda kuzizira, koma maluwa ake ndi makoko anthete amawauka, choncho nazo musaziike pansi penipeni. Mukaona kuti usiku kuzizira kwambiri, thirirani masana dzuwa lili pamutu, pakuti dothi lonyowa limasunga kutentha kuposa louma. Pa nazale yalani udzu pakathandala madzulo, m'mawa n'kuchotsa.

Inu a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre, vuto lanu lalikulu ndi chiperoni. Kukachita mitambo chotere chisanu sichigwa, koma masamba amakhala onyowa masiku angapo otsatizana, ndipo chiwawu chimalowa mu tomato ndi kachewere. Matendawa akagwira, munda umatha m'masiku ochepa. Mankhwala oteteza monga Dithane amathandiza mukapopera matenda asanalowe. Tsamba lapsa kale silichiranso. Ndipo pothirira tomato, madzi azipita patsinde, osati pamasamba.

[Chithunzi: manja akukonza nazale]

Nazale ndi pamene alimi ambiri amataya ndalama osazindikira. Mbewu ya kabichi wa haibulidi monga Gloria ndi yokwera mtengo, ndiye simungaimwaze chisawawa. Bedi likhale mita imodzi m'lifupi kuti muzifika pakati osapondapo. Lembani timizere motalikirana masentimita 10 mpaka 15, fesani mosathithikana, kwirirani pang'ono chabe, ndipo phimbirani ndi udzu wouma wopanda njere. Mbewu ikangoyamba kumera chotsani udzuwo, apo ayi mbande zimatalika zili zoonda, zoyezuka.

Mbande zikamagwa zokha zitawola patsinde, kawirikawiri ndi madzi ochuluka ndi kuthithikana. Nyengo ino dothi siliuma msanga, choncho thirirani m'mawa, ndipo yambani mwapisa chala m'dothi musanathirenso. Repu, mpiru ndi chayinizi zimafika powokera pakatha masabata atatu kapena anayi. Kabichi ndi tomato zimatenga anayi mpaka asanu ndi limodzi, makamaka kukazizira kwambiri. Sabata yomaliza chepetsani madzi ndi mthunzi kuti mbande zikhwime. Wokerani madzulo, mutathirira nazale kuti mbande izuke ndi dothi lake. Kabichi mupatseni malo, masentimita 60 pakati pa mizere ndi 45 mpaka 60 pakati pa mapando. Karoti, nsawawa, nyemba ndi chimanga siziwokeredwa, zimabzalidwa pomwe zikulire.

[Chithunzi: bedi la anyezi]

Ndiime pang'ono pa anyezi, chifukwa ndi mbewu imene ndimaikonda kwambiri pa dimba la nyengo ino, komanso ndi imene sikhululuka mukachedwa. Anyezi amayamba wakula masamba kukuzizira, kenako masiku akayamba kutalika ndi kufunda cha mu Ogasiti ndi Seputembala, chakudya chonse chimatsikira pansi kukapanga mutu. Tsamba lililonse limene wakula nalo ndi chikamba chimodzi cha mutuwo. Mukafesa mu Julayi, kutentha kumamupeza ali ndi masamba ochepa, ndipo mumakolola tianyezi tating'onoting'ono. Fesani kuyambira Malichi mpaka Meyi. Pa nazale amakhala masabata 6 mpaka 8, ndipo powokera musamuzike kwambiri. Masentimita 10 pakati pa mbande akwana. Udzu ndi mdani wake wamkulu, chifukwa masamba ake saphimba pansi.

Makosi akayamba kugwa, lekani kuthirira. Zulani, yanikani pamthunzi podutsa mphepo mpaka khosi liume gwa. Red Creole, wofiira uja, amasungika miyezi. Texas Grano amakula mitu ikuluikulu koma sachedwa kuwola, ndiye ameneyo ngwogulitsiratu. Ubwino wa anyezi wofiira wouma bwino ndi wakuti venda sangakukakamizeni mtengo. Mukhoza kumusunga mpaka dzinja, pamene amasowa pamsika.

[Chithunzi: mulu wa manyowa, kenako mabedi awiri, lokwera ndi lolowa pansi]

Za nthaka ndidutsa mwachangu. Pamene pakadali chithaphwi mu Meyi, kwezani mabedi kuti mizu isawole. Pouma, makamaka pamchenga, mabedi alowe pansi kuti madzi asathawe. Manyowa akhale owolerana. Ndowe zaziwisi zimawotcha mbande, zimabweretsa udzu, ndipo karoti amachita mphandamphanda. Amene mukupanga manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono, kumbukirani kuti amafuna masiku 21, ndiye yambani pamene mukufesa nazale. Pa masamba othyola, thirani feteleza wa CAN kapena yureya pang'onopang'ono mukathyola kangapo, dothi lili lonyowa, osati wambiri kamodzi. Ndipo chonde, musatipule mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Siyani bango, nsenjere ndi mitengo zigwire gombe, apo ayi dimba lomwelo lidzapita ndi madzi a Januwale.

Chimanga cha mondokwa ndi nyemba, inu akumtunda musathamangire. M'dothi lozizira la Juni chimanga chimamera mochedwa n'kukhala chachikasu, chopinimbira. Dikirani kumapeto kwa Julayi kapena Ogasiti, mubzale mbewu yocha msanga, ndipo pakatha miyezi itatu mukhala mukuthyola. Muziyendera kunsonga kwake kawiri pa sabata, chifukwa mbozi zija zodya chimanga (fall armyworm) zimene zinalowa m'dziko muno cha m'ma 2016 ndi 2017 zimapeza chimanga cha m'dimba chili chokhachokha chobiriwira dera lonse.

[Chithunzi: msika wa m'mbali mwa msewu, milu ya tomato ndi kabichi]

Aliyense amene anadutsa pa Lizulu kapena pa Jenda nthawi imene tomato wachuluka akudziwa zimene ndikunena. Mabeseni ndandanda, ogula ochepa, mlimi akugulitsa mongotaya kuti asabwerere nazo kunyumba. Sikuti analima molakwika. Vuto ndi lakuti dambo lonse linafesa sabata imodzi. Zimandiwawa kuona thukuta la miyezi inayi likuwolera m'mbali mwa msewu.

Mankhwala ake ali pa nazale. Paketi imodzi ya mbewu muigawe patatu kapena panayi, muzifesa pakatha masabata awiri aliwonse. Mukatero simukolola zonse tsiku limodzi, ntchito yothirira imagawika, ndipo mtengo ukagwa sabata ino, mudzaupeza utadzuka ulendo wina. Repu ndi mpiru zimayamba kuthyoledwa patangotha pafupifupi mwezi chiwokerereni, choncho zimabweretsa kandalama ka sabata ndi sabata kogulira feteleza wa kabichi ndi tomato amene akudikira. Ngati muli pa kalabu kapena pa sikimu, khalani pansi mugawane: awa ayambe, awa atsatire. Ndipo funsani kusukulu zogonera, kumalo odyera ndi kwa mavenda zimene adzafune musanabzale, osati katundu ali kale pamutu.

[Chithunzi: kuseri kwa tsamba la repu, nsabwe zili mbuu]

Timalize ndi tizilombo. Nyengo yozizira ndi youma ndi ya nsabwe za m'masamba. Zimabisala kuseri kwa tsamba ndi pamtima pa repu, mpiru ndi kabichi, tsamba n'kuyamba kukwinyika. Palinso timbozi tobiriwira timene timaboola kabichi. Muzitembenuza masamba poyendera dimba; mukazipeza zikadali pa mbewu zochepa, kuthyola masamba ogwidwawo kapena kupopera madzi a nimu kapena a ombwe kumathandiza. Kukayamba kutentha mu Seputembala, pa tomato pamabwera akangaude ofiira, komanso Tuta absoluta, kambozi kolowa m'kati mwa tsamba ndi chipatso.

Kasinthasintha wa mbewu mum'mvetse bwino. Kabichi, repu, mpiru ndi chayinizi ndi banja limodzi, choncho kuchotsa repu n'kuikapo kabichi sikusintha kanthu. Tomato, kachewere, mabiringano, tsabola ndi fodya nalonso ndi banja limodzi. Pamene panali kabichi ikanipo anyezi, karoti kapena nyemba.

Ngati mwagula mankhwala, gulani m'sitolo yovomerezeka, a m'botolo lake lokhala ndi chizindikiro, osati opungulidwa m'timabotolo ta pamsika. Mukapanda kumvetsa zolembedwapo, pitani nalo botololo kwa alangizi a m'dera lanu. Pa botolo lililonse pamalembedwa masiku oyenera kudikira kuchokera tsiku lopopera kufika tsiku lokolola. Apa ndikupemphani ndi mtima wonse, amayi ndi abambo: musapopere lero n'kuthyola mawa. Repu ameneyo akukadyedwa ndi mwana wa munthu, ndipo wotsala pabedi adyedwa ndi ana anu omwe. Njira yake ndi yosavuta: yambani mwathyola, kenako poperani, ndipo bedi limenelo muliike chizindikiro cha kamtengo kuti aliyense wa pakhomo adziwe kuti sakuyenera kuthyolapo. Mankhwala a thonje kapena a fodya asafike pa ndiwo. Popopera valani zophimba manja, mphuno ndi pakamwa, ndipo sipuleya musatsukire pachitsime kapena mumtsinje.

Tomato akatha kubereka, musasiye mitengo yake ili chiimire m'dimba. Zulani yonse pamodzi ndi zipatso zowola zapansi, mukwirire m'dzenje lakuya kapena muwotche, chifukwa Tuta ndi akangaude amachokera m'menemo kupita pa nazale yanu yatsopano ndi pa dimba la mnansi wanu.