Launch control: kanyamukidwe ka Mustang, Challenger ndi Camaro popanda kuwotcha matayala

[Chithunzi: Dodge Challenger yaima pamzere woyambira, injini ikubangula]

Moni nonse, takulandiraninso. Galimoto mukuionayi ndi Dodge Challenger SRT Hellcat ya 2015. Injini yake ndi V8 ya malita 6.2 yokhala ndi supercharger (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini), ndipo imatulutsa 707 horsepower. Kulemera kwake ndi pafupifupi matani awiri. Mphamvu yonseyo imadutsira m'matayala awiri akumbuyo okha, ndipo tayala lililonse limagunda pansi ndi kamalo kongoposa chikhatho chanu pang'ono. Ndiye dalaivala aimitse galimoto, kenako aponde moto mpaka pansi. Chotsatira chake ndi utsi ndi fungo la mphira. Matayala amangozungulira pamalo amodzi, kumbuyo kwa galimoto kukupepeluka uku ndi uku, pomwe mnzake wa galimoto ya mphamvu zochepa wapita kalekale. A Dodge ankadziwa zimenezi, moti galimotoyi inkabwera ndi makiyi awiri: yofiira yotsegula mphamvu zonse, ndi yakuda yoziletsa kupyola 500 horsepower.

Launch control anaipangira vuto limeneli. Ambiri amaganiza kuti ndi batani lowonjezera mphamvu. Ayi ndithu. Ntchito yake ndi kuibweza injini, kuti ipereke mphamvu yokhayo imene tayala lingathe kulandira panthawiyo.

[Chithunzi: tayala lakumbuyo, vidiyo ikuyenda pang'onopang'ono]

Tiyambire pa tayala, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Tayala silikoka kwambiri likamayenda ndendende ndi liwiro la galimoto. Limakoka kwambiri likamazungulira mofulumirirapo pang'ono chabe, mphira ikutambasuka ndi kuluma phula. Likapitirira pamenepo kugwira kumachepa, mphira imayamba kusungunuka, galimoto n'kumayandama pa mphira yake yomwe. Malo abwinowo ndi opapatiza kwambiri. Phazi la munthu limatha kuwapeza kamodzi, kachiwiri n'kuwaphonya. Kompyuta imayeza liwiro la tayala lililonse kambirimbiri pa sekondi imodzi, pogwiritsa ntchito masensa omwe aja a mabuleki a ABS, oletsa matayala kukhukhuluzika mukaponda buleki mwamphamvu. Matayala akutsogolo sakokedwa ndi injini, choncho ndiwo amanena liwiro lenileni la galimoto. Akumbuyo akangowapitirira mopyola muyezo, kompyuta imachedwetsa moto wa mapulagi, kapena kudula mafuta ku masilinda ena, kapena kutseka pang'ono khomo la mpweya wolowa mu injini. Phazi lanu lili pansi, koma amene akugawa mphamvu ndi kompyuta.

Pali chinanso chimene chimathandiza galimoto zokoka ndi kumbuyo. Aliyense amene anaonapo pikapu itatitimira m'matope nthawi ya dzinja akuchidziwa: anthu amakwera kumbuyo n'kumadumpha kuti matayala agwire. Galimoto ikamanyamuka mwamphamvu imadzichitira yokha zimenezi. Mphuno imadzuka, kulemera kumasamukira kumbuyo, matayala akumbuyo n'kupanikizika pansi. Koma kulemerako kumasamuka pokhapokha galimoto ikayamba kuyenda. Mukatulutsa mphamvu zonse kusamukako kusanachitike, matayala amaterereka, galimoto siyenda, kulemera sikusamuka, ndipo mwataya zonse. N'chifukwa chake theka loyamba la sekondi ndi limene limagamula mpikisano.

[Chithunzi: mkati mwa Ford Mustang GT, mapazi a dalaivala]

Tsopano kagwiritsidwe kake. Pa Ford Mustang GT ya giya yamanja, kuyambira ya 2015, mumalowa mu Track Apps pa sikirini ya kutsogolo kwa chiwongolero n'kuyatsa launch control, kenako n'kusankha rpm (kuchuluka kwa maulendo amene injini imazungulira pa mphindi imodzi) imene mukufuna kunyamukira. Pondani kilachi mpaka pansi, ikani giya 1, pondani moto mpaka pansi. Injini ikwera n'kuima pa nambala mwasankha ija, ikulira modukizadukiza. Musachite mantha ndi phokosolo, ndi kompyuta ikuigwira. Kenako chotsani phazi pa kilachi mwachangu koma mosalala, phazi lamanja lisasunthe. Apa m'pamene anthu ambiri amalakwitsa. Galimoto ikangogwedezeka amabweza phazi, ndipo kompyuta imaona ngati dalaivala wasintha maganizo, n'kusiya ntchito.

Pa Challenger ya automatic ndi mapazi awiri. Lamanzere likanikize buleki mwamphamvu zenizeni, lamanja liponde moto mpaka pansi mofulumira, sikirini ikakuuzani kuti zakonzeka muchotse lamanzerelo msangamsanga. Osakhalitsa pamenepo, chifukwa sekondi iliyonse imene injini ikukankhana ndi mabuleki, mafuta a giyabokisi akutentha. Chiwongolero chikhale chowongoka, malo akhale athyathyathya, injini ikhale itatenthera kale. Ndipo pa magalimoto a SRT batani la launch control siligwira mpaka galimoto itayenda mamailosi 500 oyamba, omwe ndi makilomita pafupifupi 800, kuti zitsulo zatsopano ziyambe zazolowerana.

Nanga nambala ya rpm musankhe iti? Ine ndimati yambani ndi yotsika. Mtima umafuna yokwera, chifukwa phokoso limakoma, koma matayala wamba pa phula wamba sangalandire zambiri. Matayala akazungulira pachabe, tsitsani nambalayo. Injini ikafooka ngati ikufuna kuzima galimoto itangonyamuka, ikwezeni pang'ono. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, apo ayi simudziwa chimene chathandiza. A Chevrolet anapita patali pa Camaro ZL1 ya 2017, ija ya 650 horsepower. Dalaivala amasankha rpm komanso kuchuluka kwa kuterereka kumene akulola, kuyambira 5 mpaka 15 peresenti. Ndimaikonda njira imeneyi chifukwa imavomereza zoona zake, zoti nambala yabwino m'mawa kukuzizira si yomweyo masana phula litatentha.

[Chithunzi: galimoto ikutulutsa utsi kuseri kwa mzere woyambira]

Utsi uja mumaona mpikisano usanayambe uli ndi ntchito yake. Matayala a mpikisano amagwira bwino akatentha, ndiponso kuwazunguliza kumachotsa timiyala ndi fumbi. Mustang GT ya 2015 inabwera ndi Line Lock, imene imagwira mabuleki akutsogolo okha kwa masekondi 15, akumbuyo n'kumasuka. Koma ngati muli ndi matayala wamba oyendera tsiku ndi tsiku, kuwawotcha nthawi yaitali sikuwonjezera kanthu. Kungowazunguliza pang'ono kuti ayere n'kokwanira, zotsalazo ndi ndalama zikupita mu utsi.

Chinthu chimodzi ndikufuna muchiope ndi chimene amachitcha wheel hop. Tayala limagwira, n'kuterereka, n'kugwiranso, kambirimbiri motsatizana, moti kumbuyo konse kumanjanja ngati wina akumenya nyundo pansi pa mpando. Zimachitika chifukwa mphira zogwira zitsulo za kumbuyo zimapindika n'kubwerera. Kugunda kulikonse kumapita ku mashafiti ndi ku diff (magiya ogawa mphamvu ku matayala awiri akumbuyo), ndipo zimenezi zimathyoka. Mukamva kunjanjako chotsani phazi pa moto nthawi yomweyo. Ulendo umodzi wotayika ndi wotchipa kuposa shafiti. A Dodge anaikapo Launch Assist, imene imazindikira kunjanjako kudzera m'masensa a matayala n'kuchepetsa mphamvu mwakanthawi kuti tayala likhazikike.

[Chithunzi: Dodge Challenger SRT Demon ikudzutsa matayala akutsogolo]

Kuti muone pamene nzeru zimenezi zinafika, nayi Challenger SRT Demon ya 2018. Anapanga 3,300 zokha. Ndi mafuta a mpikisano imatulutsa 840 horsepower. Inabwera ndi matayala a Nitto ofewa opangidwira kunyamuka, mpando wa wokwera naye atauchotsa kuti ipepuke, ndipo woufuna ankawonjezera dola imodzi. M'malo mogwira galimoto ndi buleki ya phazi, ili ndi TransBrake, imene imamanga giyabokisi yeniyeniyo mkati, injini n'kukwera mpaka 2,350 rpm galimoto ili phee. Panthawiyo supercharger yayamba kale kudzaza mpweya, kompyuta ikubweza mphamvuyo podula mafuta ku masilinda ena. Dalaivala akangosiya kachitsulo ka kuseri kwa chiwongolero, zonse zimamasuka pamodzi. Malinga ndi a Dodge, imafika mamailosi 60 pa ola, kapena kuti makilomita 97, m'masekondi 2.3, ndipo mtunda wa mpikisano wa mamita 402 imaumaliza m'masekondi 9.65. Imanyamula matayala akutsogolo m'mwamba, mpaka inalowa mu Guinness World Records chifukwa cha zimenezo. Bungwe loyendetsa mipikisanoyi ku America, la NHRA, linati galimoto yothamanga chotero singapikisane popanda zitsulo zotchinjiriza dalaivala mkati. Mu 2023, chaka chomaliza cha Challenger, kunabwera Demon 170 ya 1,025 horsepower, imene inatsitsa nthawiyo kufika masekondi 8.91.

Koma taonani nambala ija, 2,350 rpm. Injini ya mphamvu zoopsa chonchi, pa matayala a mpikisano, imanyamukira pa rpm imene galimoto yanu imayendera popita kumsika. Ndiponso nthawi zimene ndatchulazi anazipeza pabwalo lokonzedwa, pomwe pansi amapoperapo mankhwala omata, moti mukapondapo nsapato imatsalira. Pamsewu wamba, wafumbi, wamchenga m'mbali, Demon yomweyo singayandikire n'komwe, ndipo kompyuta singapange kugwira kumene kulibe.

Pachifukwa chimenechi, zimenezi ndi za pabwalo, osati pamsewu pomwe pali ana asukulu, njinga ndi anthu oyenda pansi. Galimoto yokoka ndi kumbuyo tayala limodzi likagwira kuposa linzake imatembenukira kumbali mosachenjeza. Abale athu amene muli ku Britain, Mustang ya chiwongolero cha kumanja inayamba kupangidwa mu 2015, ndipo ku Santa Pod Raceway kumakhala masiku amene munthu wamba amalipira n'kuthamangitsa galimoto yake. Ku South Africa bwalo lodziwika ndi mipikisano yotere ndi Tarlton, kufupi ndi Krugersdorp. Kumeneko ndi kumtunda, mpweya ndi wopepuka, choncho injini yopanda supercharger ngati ya Mustang GT imataya mphamvu ina, ndipo nambala yanu ya rpm ingafunike kukwera pang'ono.

Mukamaliza ulendo amakupatsani kapepala ka nthawi zanu. Maso amathamangira pansi, pa nthawi yomaliza. Inu yang'anani pamwamba, pamene alemba 60 ft, nthawi ya mamita 18 oyambirira. Nambala imeneyo ikatsika ndiye kuti rpm mwasankha ija yagwirizana ndi matayala anu tsiku limenelo. Ilembeni, pamodzi ndi mpweya wa m'matayala ndi mmene kunja kunatenthera, musanabwererenso pamzere.